Mjigo ndi Mjigo, Mudzi ndi Mudzi: Zaka Zanga pa Kompyuta ya ku Ntaja

Balaka, ntchito yanga yoyamba

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa amalume anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa mmene ndingathere ine. Zimene simukuzidziwa ndi za kuntchito, chifukwa ndikafika kunyumba munkangoona munthu wotopa wofuna madzi osamba. Tsopano ndapuma, nthawi ilipo, ndiye ndikulembereni.

Ndinayamba ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, monga wotayipa makalata pa ofesi ina ya boma ku Balaka. Makina otayipira anali olemera ngati mtondo. Riboni ikatha tinkaitembenuza n'kuigwiritsanso ntchito mpaka zilembo zitayamba kuoneka ngati mapazi a nyerere, ndipo pepala la kaboni limodzi linkatumikira makalata osawerengeka. Kalaliki wamkulu anali a Gondwe, bambo wamtali wochokera kumpoto, wosaseka wamba. Tsiku lina anandipeza ndikulemba mawu akuti "Zosiyanasiyana" pachikuto cha failo yatsopano.

"Mufailomu muli chiyani, mtsikana iwe?" anafunsa.

"Makalata amene ndasowa powayika, bwana."

"Ndiye wakumba manda. Kalata ikalowa m'failo yopanda dzina lenileni, yafa. Wina adzaifuna ine nditapuma, iwe utasamuka. Adzaipeza bwanji?"

Anandikhazika pansi mpaka kalata iliyonse itapeza failo yake. Ndinawada masana onsewo. Ndinakhala pa ofesiyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo kompyuta zitabwera ndinali woyamba kuzigwira, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa anzanga ankaopa kuti akadina polakwika alipitsidwa.

Ntaja, chaka choyamba ndi chachiwiri

Bambo anu atawasamutsira ku sukulu ya kufupi ndi Ntaja, ndinasiya ntchito ya boma n'kulembedwa ndi bungwe lina loona za madzi akumidzi. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ofesi inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo, pafupi ndi msika, ndipo nthawi tinkaidziwira pa kuitana kwa kumzikiti. Mkulu wa ofesi anali bambo Malunga, munthu wakhama, wokonda kuti alendo akabwera apeze zonse zikuwala. Ntchito yanga inali kulowetsa m'kompyuta malipoti a mijigo: uwu wawonongeka, uwu wakonzedwa. Amisiri a mijigo ankayang'ana pa tsamba lathu la pa intaneti, kapena kulandira uthenga pafoni, n'kudziwa kolowera.

Pulogalamu imene inkachita zimenezi anailemba a Phiri, katswiri wa ku Blantyre amene ankabwera kamodzi pamwezi. Ulendo wa ku Ntaja unkawatopetsa, makamaka nthawi imene mafuta agalimoto anasowa, anthu n'kumagona pamzere. Ndiye anayamba kundiphunzitsa kuti tizinthu ting'onoting'ono ndizikonza ndekha. Anandiuza kuti pulogalamu ya pa intaneti siyambira pa bwalo lopanda kanthu. Pali chimango chimene akatswiri ena anakonza kale, monga mmene womanga nyumba amaimikira nsanamira ndi phaso. Ntchito ya wolemba pulogalamu ndi kuikamo zigawo zake, chilichonse ndi dzina lake ndi ntchito yake, ndipo chimangocho chimadziwa kulumikiza zigawozo malinga ndi mayina amene wazipatsa.

Ndinaphunzira movutika. Magetsi ankazima kawiri kapena katatu patsiku, jenereta inalibe mafuta, ndipo intaneti inkagwira bwino pa kachitunda kena kunja kwa msika. Kangapo ndinakwera kabaza, laputopu ili pamiyendo, kupita kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuti nditumize zimene ndalemba. Anyamata a kabaza ankanditcha amayi a wayilesi. Pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri ndinkatha kuwerenga zimene a Phiri analemba ngati mmene ndinkawerengera makalata a ku Balaka. Kenako a Phiri anapeza ntchito kunja kwa dziko, ananditsazika pafoni, ndipo pulogalamu yonse inatsala m'manja mwanga.

Chaka chachitatu, m'chilimwe

Mmisiri wathu wodalirika anali Che Amini a ku Nselema, bambo wa ndevu zaimvi amene ankayenda pa njinga yamoto yakale ndi thumba la masipanala. Sankakonda kulowa muofesi. Ndiye tsiku limene anafika m'mawa n'kukhala pampando osavula chipewa chake chapanjinga, ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Amayi, kompyuta yanuyi ikuti mudzi uja wa kufupi ndi Nayuchi uli bwino?"

Ndinayang'ana. Dzina la mudziwo linali lobiriwira, kutanthauza kuti madzi akutuluka. "Ikutero. Munakonza nokha mwezi wa Meyi."

"Ndinakonza wa kusukulu. Mudziwo uli ndi mijigo iwiri. Wa kumunsi unafa miyezi inayi yapitayo. Azimayi akutunga padambo pamene ng'ombe zikumwera. Dzulo ndinadutsako mwangozi, ndapeza ana atatu ali kuchipatala ndi matenda otsegula m'mimba. A komiti ya madzi ya m'mudzimo akuti anatumiza uthenga kawiri."

Ndinafufuza n'kupeza kuti ankanena zoona. Mauthenga onse awiri anafika, koma pulogalamu inawatseka yokha. Masana onse ndinatsata chifukwa chake mpaka ndinachipeza. Pakati pa pulogalamuyo panali chigawo chimodzi chachikulu chimene chinapatsidwa dzina lachingerezi longotanthauza kuti "malo". M'chigawo chimenecho munali mudzi, munali mjigo, munali komiti, munalinso lipoti la kuwonongeka. Kwa kompyuta, mudzi ndi mjigo zinali chinthu chimodzi. Mjigo umodzi ukakonzedwa, mudzi wonse unkaoneka wokonzedwa, ndipo uthenga watsopano unkatengedwa ngati wobwereza wakale. Sindikuwanena a Phiri. Pamene ankayamba, midzi imene tinkatumikira inali yochepa ndipo uliwonse unali ndi mjigo umodzi. Koma ndinazindikira chimene ndinkayang'ana. Inali failo ya "Zosiyanasiyana", ndipo ulendo uno m'mandamo munatsala pang'ono kulowa ana.

Che Amini anakonza mjigowo mawa lake. Anawo anachira. Koma nditawerenga bwino ndinapeza midzi ina ingapo yokhala ndi mijigo iwiri kapena itatu, ndipo sindikanatha kulumbira kuti kubiriwira kwa mudzi uliwonse kunali koona.

Chaka chomwecho, sabata yotsatira

Nkhaniyi inagwa pa nthawi yoipa. Patatsala masabata asanu ndi limodzi kuti alendo amene ankathandiza bungwe lathu abwere, bambo Malunga anali atawalonjeza zinthu ziwiri: kuti pulogalamu ifikanso ku Balaka, ndiponso kuti padzakhala mapu okongola oonetsa mijigo yonse. Anandiitana muofesi mwawo.

"Mayi Namakhwa, musakulitse nkhani. Midzi ya mijigo iwiri muilembe kawiri, wina mudzi wakuti A, wina B. Kenako mukopere pulogalamu yonse, muisinthe dzina ikhale ya Balaka. Nthawi yotsalayo mupange mapu."

"Bwana, zimenezo zitheka m'masiku atatu," ndinayankha. "Koma tikatero tikhala ndi mabodza awiri m'malo mwa limodzi. Komiti imodzi idzaoneka ngati makomiti awiri. Tikakonza cholakwika ku Machinga, ku Balaka chidzatsala. Ndikupempha kuti ndiphwasule chigawo chachikulucho, chinthu chilichonse chikhale pachokha ndi dzina lake."

"Ndipo mapu?"

"Mapu sadzatheka."

Bambo Malunga anati, "Inu munalembedwa ntchito yotayipa. Ku Lilongwe kuli kampani imene ingachite zimene ndanenazi sabata imodzi. Mukuti ndiike mbiri ya bungwe pa mayi amene waphunzira zimenezi pansi pa mtengo wa mango?"

Mawuwo anandipweteka, koma sanali abodza. Ndinapempha kuti ndiyankhe mawa. Madzulo ndinawafotokozera bambo anu tikusenda nandolo pakhonde. Nonse awiri munali kusekondale, ndipo ntchito ikanatha sindikudziwa kuti tikanatani. Bambo anu anandifunsa funso limodzi lokha: "Ukachita mmene akufuniramo, mudzi wina ukhoza kuiwalikanso?" Ndinati ukhoza. Iwo anati, "Ndiye wayankha kale."

M'mawa ndinawauza bambo Malunga kuti andipatse masabata asanu ndi limodziwo, ndipo alendo akadzapeza pulogalamu yosayenda, ndidzasiya ntchito ndekha osawavutitsa. Anandiyang'ana ngati akufuna kuona ngati ndikuseka. "Mwanena nokha," anatero.

Masabata asanu ndi limodzi aja

Sabata yoyamba sindinagwire kompyuta. Bambo Malunga ataona mpando wanga uli wopanda munthu anafunsa mlonda ngati ndathawa kale. Ine ndinali kumbuyo kwa njinga ya Che Amini, ndi mapepala olimba odulidwa ngati makhadi ndi cholembera. Tinazungulira Nselema, tinatsika mpaka kufupi ndi njanji ya ku Nayuchi, ndikumvetsera mmene anthu a mijigo amatchulira zinthu. Ndinatsimikiza mtima kuti chigawo chilichonse chidzatenga dzina limene iwo amaligwiritsa ntchito, lachichewa, kuti mmisiri akandiuza vuto ndizidziwa pomwepo chigawo chotsegula. Pa khadi lililonse ndinkalemba dzina pamwamba, ndipo pansi zinthu zitatu: chimene chigawocho chimadziwa, chimene chimachita, ndi chimene sichikuyenera kukhudza. Ndinadziikira lamulo lakuti ndikapezeka ndikulemba mawu akuti "komanso" pofotokoza ntchito ya chigawo, ndiye kuti pamenepo pali zigawo ziwiri.

Zinayi zoyamba sizinavute. Mjigo umadziwa pamene uli, kuya kwake ndi mtundu wa pampu, ndipo sudziwa za mjigo unzake. Mudzi umadziwa mijigo yake yonse, koma ulibe mtundu wobiriwira kapena wofiira, chifukwa mudzi suwonongeka. Komiti imadziwa anthu ake ndi mafoni awo. Mmisiri amadziwa dera lake. Chachisanu n'chimene chinandigwetsa. Pa khadi ndinali nditalemba kuti "Chowonongeka", ndipo ndinkaona kuti dzinalo lakwana.

Tinafika kumudzi uja wa mijigo iwiri, n'kukhala ndi wapampando wa komiti, Abiti Juma, mayi wonenepa wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Ndinawawerengera makhadi anga mmodzimmodzi. Nditafika pa lachisanu anapukusa mutu.

"Iyayi, amayi. Chaka chatha mjigo wathu sunawonongeke, koma madzi ankatuluka ofiira ngati tiyi. Tinasowa chotumiza, chifukwa foni imangofunsa kuti wawonongeka kapena ayi. Nthawi ina unkatuluka, koma ndowa imodzi kudzaza mpaka mkono kuwawa. Ife sitidziwa chimene chawonongeka. Amadziwa ndi Che Amini. Ife timangodandaula."

"Ndiye tilitche Dandaulo?" ndinafunsa.

"Eya. Ndipo dandaulo ndi la mwini wake. Che Amini akakonza asamanene okha kuti latha. Tinene ndife, titatunga."

Ndinayang'ana Che Amini, poganiza kuti akhumudwa. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Akunena zoona. Ine ndimachoka madzi akutuluka. Za mawa lake sindizidziwa." Pomwepo ndinang'amba khadi lija n'kulemba awiri. Dandaulo: limatsegulidwa ndi komiti, limaloza mjigo umodzi wokha, ndipo amalitseka ndi komiti yomweyo. Kukonza: ndi ulendo wa mmisiri, umalemba zimene wasintha, mphira kapena ndodo kapena paipi, koma ulibe mphamvu yotseka dandaulo. Pa zonse zimene ndinalemba m'moyo wanga wa ntchito, mizere imeneyi ndi imene ndimainyadira, ndipo theka lake linachokera m'kamwa mwa Abiti Juma.

Nditabwerera pa kompyuta ndinakumana ndi vuto loseketsa. Chimango chija chinapangidwa ndi anthu olankhula Chingerezi, ndipo ukachipatsa dzina la chinthu chimodzi, icho chimadzipangira chokha dzina la zinthu zambiri powonjezera chilembo kumapeto. Ndinalemba Mjigo, icho n'kuyamba kufunafuna "mjigos". Masiku awiri ndinalimbana nacho, mpaka ndinapeza kafailo kamene munthu amaphunzitsiramo chimangocho mawu osatsata lamulo lake. Ndinakhala ngati mphunzitsi wa Sitandade 2: mjigo, mijigo, mudzi, midzi, mmisiri, amisiri, dandaulo, madandaulo. Chinamvera. Chigawo chilichonse ndinachiika m'chikwatu chakechake chokhala ndi dzina lomwelo, ndipo mzere woyamba wa failo unali mawu a pa khadi lija. Ntchito yowawa kwambiri inali kusamutsa malipoti akale, chifukwa lililonse linafunika kudziwika kuti ndi la mjigo uti. Pamene ndinakayika ndinkaimbira a komiti. Tinapeza mijigo ina iwiri yakufa imene kompyuta yakale inkati ili moyo, ndipo Che Amini anaikonza alendo asanafike.

Tsiku la alendo

Anabwera atatu, ndipo wotsogolera anali mayi injiniya wa madzi wochokera kunja, pamodzi ndi womasulira. Bambo Malunga anali atavala suti pa dzuwa la Okutobala. Atafunsidwa za mapu anatsokomola n'kuloza ine. Ndinanena mosabisa kuti mapu kulibe, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake, kuyambira pa ana atatu aja. Ndinaona bambo Malunga akuyang'ana pansi.

Mayiyo anapempha kuona mudzi wa anawo pa kompyuta. Pa tsamba panatuluka mijigo iwiri, uliwonse ndi mbiri yake. Kenako anaona dandaulo lina la ku Nselema limene mmisiri anali atakonza kale koma likadali lotseguka, ndipo anafunsa ngati kompyuta yalakwitsa. Ndinati iyayi, tikudikira a komiti. Tili chilankhulire, foni ya ofesi inalira, uthenga unalowa, ndipo dandaulolo linatsekeka iwo akuona. Sindinakonze zimenezo. Anali mayi wina wa ku Nselema amene anatunga madzi n'kukumbukira kutumiza uthenga. Injiniyayo anatenga makhadi anga amene anali pa tebulo, womasulira n'kumuwerengera limodzilimodzi. Anafunsa kuti Balaka ilowa bwanji. Ndinayankha kuti palibe chokopera: midzi ya ku Balaka ilowa mu Mudzi, mijigo yake mu Mjigo, ndipo ndinali nditalowetsa kale ya dera limodzi. Anajambula makhadiwo ndi foni yake.

Alendo atapita, bambo Malunga anavula jekete n'kukhala pa mpando wa Che Amini uja. "Mayi Namakhwa, za mtengo wa mango zija ndinalankhula molakwa," anatero. "Mapu ndikuwafunabe." Ndinawapangira mwezi wotsatira, ndipo sanatenge nthawi, chifukwa mjigo uliwonse unali ukudziwa kale pamene uli.

Dzinja lotsatira, ndi zaka za ku Balaka

Mayeso enieni anabwera ndi mvula. Madzi anasefukira m'madera a kumunsi, zimbudzi zinagwa, ndipo azaumoyo anatipempha njira yodziwira mijigo imene yamira ndi imene yathiridwa mankhwala ophera tizilombo. Anafunsa ngati zingatheke m'mwezi umodzi. Ndinatenga khadi latsopano n'kulemba kuti Kuthira Mankhwala: kumaloza mjigo umodzi, kumadziwa tsiku ndi amene wathira, sikukhudza dandaulo. Ndinaliika pambali pa zinzake osasuntha china chilichonse. Linali Lachiwiri. Lachinayi m'mawa alangizi a zaumoyo anali akulandira pafoni mndandanda wa mijigo yotsala. Sindingakuuzeni kuti ndi anthu angati amene sanadwale chifukwa cha zimenezi, pakuti amene sanadwale sawerengeka. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe mjigo umene unaiwalika chifukwa chokhala m'mudzi umodzi ndi unzake.

Patapita zaka ziwiri anandituma ku Balaka kukatsegula ofesi yatsopano, ndipo pa kalata yanga ya ntchito anachotsa mawu akuti wotayipa. Kumeneko tinawonjeza Mpopi ndi Chitsime, ndipo Dandaulo la Abiti Juma linagwira ntchito pa zonsezi osasinthidwa ngakhale mzere umodzi. Panali masiku oipa. Laputopu yanga inabedwa m'minibasi pa Liwonde, ndipo nthawi ina ndinatchula chigawo dzina lolakwika chifukwa cha changu, n'kudzavutika nalo chaka chathunthu ndisanavomere kulisintha. Koma pulogalamuyo, ngati nyumba yomangidwa bwino, inaimabe.

Mwezi wanga womaliza

Wodzalowa m'malo mwanga anali mayi Fatuma Mdala, wophunzira ku yunivesite, wodziwa zambiri zimene ine sindinazimvepo. Bungwe linatipatsa masabata awiri oti ndimusiyire ntchito. Tsiku loyamba anatsegula pulogalamu, n'kuwerenga mayina a zikwatu kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako mzere woyamba wa failo iliyonse. Sanandifunse kanthu mpaka masana. Tsiku lachiwiri anafunsa chifukwa chake mmisiri satseka dandaulo, ndipo ndinamufotokozera. Tsiku lachitatu anakonza yekha cholakwika china chimene ine ndinali ndisanachione, n'kunditembenukira.

"Amayi, masiku otsalawa tichita chiyani?"

Tinawathera tikuyendera a komiti kuti amudziwe. Ku Nselema Che Amini, amene anali atasiya njinga chifukwa cha maso, anatiphera nkhuku.

Pochoka ndinamusiyira Fatuma nambala yanga, n'kumuuza kuti akasowa chinthu asachite manyazi, aimbe nthawi iliyonse. Papita chaka ndi miyezi tsopano. Amaimba, inde, pa Khirisimasi ndi pa Idi, kufunsa za miyendo yanga ndi za nandolo wa bambo anu. Za pulogalamu sanandifunsepo ngakhale kamodzi.